Ndani Ayambe Kumva? Uthenga wa Pabanja, Foni ndi Mitengo ya Kwathu

Dandaulo lake n'lofanana kulikonse, kaya ku Ndirande, ku Area 25, ku Chipata kapena pakati pa Amalawi okhala ku Johannesburg. Munthu watsegula foni m'mamawa, wapeza chithunzi cha azakhali ake pa sitetasi ya WhatsApp ya msuweni wake, pansi pake pali kandulo ndi mawu oti ause mumtendere. Palibe amene wamuimbira. Palibe amene wafunsa ngati wakhala pansi, ngati ali yekha, ngati ali pachiwongolero. Ena amati vuto ndi achinyamata osalangizidwa, ena amati dziko ndi mmene lasinthira, palibe chochita. Nkhaniyi ndi yaikulu kuposa mwano wa mwana mmodzi. Ikukhudza funso lakale kwambiri: m'banja mukagwa kanthu, ndani ali ndi udindo wolankhula, ndipo ndani ayenera kuyamba kumva?

Kumudzi yankho linalipo, ndipo m'madera ambiri likadalipo. Munthu akatsirizika, oyamba kudziwa ndi odwazika matenda. Iwo sathamangira kubuma. Amayamba auza mwinimbumba, amene kwa Achewa kawirikawiri amakhala malume, ndipo iye amapita kukagwada kwa amfumu atatenga nkhuku kapena kandalama. Amfumu akamva, m'pamene maliro amakhala a mudzi wonse: adzukulu amauzidwa, malo okumba amasonyezedwa, anyamata amatumidwa kumidzi yoyandikana, ndipo pamsewu pamayalidwa nthambi za masamba aawisi kuti wapanjinga atsike, wagalimoto achepetse liwiro. Kuyamba kulira mfumu isanamve unali mlandu wolipitsa.

Wotumidwa naye anali ndi kalankhulidwe kake. Safika n'kungoponya mawu ali chiimire. Amapatsidwa pokhala, amalonjeredwa, ndiye amayambira patali: “Agogo, kunyumba kuja sikuli bwino. Odwala aja atisiya usiku wathawu.” Kwa mwana wa malemu amene ali kutali, uthenga unkapita wochepetsedwa dala: “Achimwene, bwerani msanga, matenda akula.” Wamkulu aliyense ankadziwa kumene mawu otere akuloza, komabe ankampatsa munthu mphamvu yokwerera basi, kuti akalirire pakati pa abale ake, osati padepoti pakati pa alendo. Litcheni bodza ngati mukufuna, koma amene ankalinena ankaganizira womva asanadziganizire okha. Apa m'pamene sitetasi imasiyana kwambiri ndi mthenga. Woika sitetasi amakhala akutula chisoni chake, ndipo sadziwa amene ayambe kuchitola.

Si imfa yokha imene inali ndi njira yake. Pakati sipankalengezedwa, anthu ankangoona okha, ndipo ngakhale ataona ankadikira anamkungwi kapena akuluakulu a m'banja kuti ayambe ndiwo kutchula. Mwana akabadwa ankakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, osaonedwa ndi aliyense. Ukwati unkayenda pakamwa pa ankhoswe: mnyamata auza malume ake, malume akakumana ndi anzawo a kuchikazi, ndipo mawu akapsa m'pamene ena onse ankamva. Lero chithunzi cha mphete chimafika pa Facebook amalume asanadziwe ndi dzina lomwe la mkamwini, ndipo khanda la maola awiri limaonedwa ndi anthu mazana agogo ake asanalinyamule. Pa nkhani ya mwana ine sindidandaula kwambiri. Mayi wosangalala musiyeni asangalale. Koma malume amene wamva za chibwenzi kwa anthu a kunja, mawa ukwati ukagwedezeka mukamufuna kuti aweruze, adzakufunsani ngati munamudziwa pachiyambi.

Dongosolo lonseli linali ndi malo ake, ndipo malowo nthawi zambiri anali pansi pa mtengo. Bwalo la mfumu linkakhala pa kachere, pa mkuyu kapena pa mango wamkulu. Chifukwa chake si chachinsinsi: m'mwezi wa Okutobala anthu makumi asanu sangakhale padzuwa kuyambira m'mawa mpaka mlandu utatha, ndipo nyumba yowakwana panalibe. Komanso pamtengo aliyense amaoneka. Zimadziwika amene wabwera, amene wakhala pampando, amene wakhala pamphasa, amene wanena mawu akutiakuti. Wonena zabodza amazinena anthu akumuyang'ana kumaso. Ngakhale nkhani zikuluzikulu za dziko zinkakambidwa motero. Ku Nkhotakota anthu amasonyezabe mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo. Pakhomo paliponse panalinso kabwalo kakang'ono: mango wa kuseri kwa nyumba kumene amayi amasendera chinangwa akukambirana, ndi wa kumaso kumene mlendo amayamba wakhala asanalowe.

Tisanayambe kulira zakale, tikumbukire mtengo wake wa dongosolo limeneli, mtengo wolipira uja. Uthenga woyenda ndi miyendo umachedwa, ndipo nthawi zina sufika. Kwa zaka zambiri amuna a kuno ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Southern Rhodesia kuminda ndi kumigodi. Boma la Kamuzu linaimitsa kaye ulendo wa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Mwa amene anapita, ena anasanduka matchona. Mkazi ankatha zaka osadziwa ngati ali pabanja kapena ndi wamasiye. Mwamuna ankafika ndi sutikesi ndi njinga yatsopano n'kupeza mayi ake anaikidwa kalekale, manda atamera udzu. Telegalamu ya ku positi ofesi inathandizako, ndipo pa wailesi ya MBC panali mauthenga achisoni amene anthu ankamvetsera mtima uli m'mwamba, kuopa kumva dzina la mudzi wawo. Wailesi nayo inkauza aliyense nthawi imodzi, koma uthenga usanafike kumeneko banja linkakhala litagwirizana mawu ake, ndipo wina ankayenda kukaupereka. Kuyendako kunkapereka nthawi yoti apafupi ayambe amva.

Dongosolo lakale linalinso ndi anthu amene linkawatseka pakamwa. Mtsikana wozunzidwa m'banja ankauzidwa kuti nkhani yake ikhale ya ankhoswe, ndipo ankhoswe ambiri ankangomubweza kwa mwamuna. Wamasiye wolandidwa katundu analibe kokanena kupatula bwalo lomwelo limene olandawo ankakhala kutsogolo. Amene amati foni yaononga ulemu azikumbukira kuti ulemu wina unali chophimba chabe.

Foni za m'manja zinayamba ndi TNM mu 1995, kenako Celtel mu 1999, imene inasanduka Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010. Zaka zoyambazo foni inkathamangitsa uthenga koma sinasokoneze ndondomeko yake. Mayunitsi anali odula, choncho munthu ankaimbira mmodzimmodzi, kuyambira wofunika kwambiri, ndipo wosauka ankangofulasha kuti amuimbire. Chimene chinasintha zinthu ndi WhatsApp, imene inayamba mu 2009 n'kugulidwa ndi Facebook mu 2014. Makampani a foni atayamba kugulitsa mabandulo a WhatsApp ndi Facebook otsikirapo mtengo, kwa anthu ambiri intaneti yonse inangokhala ziwirizi. Gulupu imalola munthu mmodzi kuuza anthu ochuluka pa mtengo wa uthenga umodzi; masiku ano gulupu imodzi imatha kukhala ndi anthu 1,024. Sitetasi, imene inabwera mu 2017, imaonekera kwa amene munasungirana nawo manambala ndipo imazimiririka pakatha maola 24. Imeneyi ndiyo yoopsa kwambiri pa nkhani ya maliro, chifukwa woika kawirikawiri sasankha womva ndipo sadziona ngati akulengeza. Amaona ngati akungolira. Mawu ojambula nawo anatsegulira khomo amene sadziwa kulemba, moti azakhali amene sanapite patali ndi sukulu tsopano amalankhula pagulupu mphindi zisanu osapuma, ndipo palibe angawadule.

Ubwino wake ulipo ndithu, ndipo waukulu ndi wa ndalama. Maliro n'kulirana, koma kulirana kwa lero kumafuna bokosi, galimoto, ufa, ndiwo ndi nkhuni. Airtel Money itayamba mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, chipepeso chinasiya kudikira kuti wina akwere basi nacho. Pagulupu pamaikidwa nambala imodzi, mndandanda wa opereka umakula aliyense akuona, ndipo madzulo bokosi lagulidwa. Kwa amene ali ku South Africa izi n'zazikulu koposa. Kunyamula thupi kuchokera ku Johannesburg, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kulowa pa Mwanza, si ndalama yoti banja limodzi losauka n'kuipeza. Magulupu a anthu a boma limodzi kapena mudzi umodzi ndi amene amasonkha, ndipo ambiri afika kwawo chifukwa cha iwo. Mndandanda woonekera wachepetsanso khalidwe lija la wosunga mbale ya chipepeso kudzadandaula kuti zinalowa zochepa.

Komatu mndandanda womwewo ndi chikwapu. Pamaliro a kumudzi, wobwera ndi nkhuni, wotunga madzi, wogona pasiwa usiku wonse, onse amawerengedwa kuti alira. Pagulupu chimawerengedwa ndi chimene chili ndi nambala kutsogolo kwake. Amene ntchito inamuthera amaona dzina lake likusowa pamndandanda umene ukubwerezedwa ola lililonse, pamwamba pali amene ali ku Britain. Za ukwati ndiye zimanyanya: munthu amangopezeka waikidwa m'gulupu ya komiti osafunsidwa, ndipo kutulukamo kumaoneka ngati chidani. Mabanja ambiri ali ndi gulupu yaikulu ya onse, imene imadzaza ndi mavesi a m'mawa ndi zofunirana tsiku lobadwa labwino, kenako kagulupu kena kobisika kumene nkhani zenizeni zimakambidwa, kuphatikizapo za amene ali m'gulupu yaikulu ija. Miseche si yachilendo, inalipo kuchitsime ndi kudambo. Chachilendo n'choti ya masiku ano imasiya umboni, ndipo chithunzi chimodzi cha zimene munalemba chikhoza kufika kwa apongozi anu.

Kusintha kwakukulu, kumene sitikukamba mokwanira, n'kwakuti mphamvu ya uthenga yasamuka manja. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi anali pafupifupi 17.5 miliyoni, ambiri mwa iwo akumudzi, ndipo mabanja okhala ndi foni ya m'manja anali pafupifupi theka lokha. Chiwerengerochi chakwera, koma foni ya mabatani si ya WhatsApp, ndipo kumene kulibe magetsi kutchaja kumalipiridwa. Choncho m'mabanja ambiri adimini ndi mdzukulu wa m'tauni amene ali ndi bandulo, pamene mwinimbumba ali kumudzi ndi kafoni kothima. Tsiku loika maliro, malo ake, ngakhale mtundu wa bokosi, zimagwirizanidwa pagulupu ndi amene akutulutsa ndalama, ndipo amalume amangouzidwa: “Amalume, tagwirizana kuti tiika Loweruka.” Amene kale ankayamba kumva, lero amamva pomaliza. Mikangano yambiri ya pamaliro imene timaiona, yoti amfumu akaniza manda kapena akuchimuna akwiya n'kubwerera, imayambira pamenepa. Mfumu yokaniza khasu nthawi zina ndi yadyera, inde. Nthawi zina ikungokumbutsa anthu kuti dothi silikumbidwa pa foni.

Palinso uthenga wabodza ndi wankhanza. Anthu amoyo alengezedwapo kuti amwalira chifukwa wina anamva theka la nkhani kuchipatala. Ngozi ikachitika pamsewu wa M1, ena amayamba kujambula asanathandize, ndipo mayi amazindikira nsapato ya mwana wake pachithunzi chimene chadutsa magulupu khumi. Akuba nawo aphunzira kalankhulidwe ka chisoni: uthenga wonena kuti mwana wanu wagonekedwa, tumizani ndalama pa nambala iyi msanga. WhatsApp inayesa kuchepetsa liwiro mu 2019 polola kuti uthenga utumizidwe kumalo asanu okha nthawi imodzi. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kuzunza ndi kunyoza ena pa intaneti, komanso lamulo la 2024 loteteza mbiri ya munthu. Koma lamulo silingalowe m'gulupu ya banja kukauza mwana wa mchemwali wanu kuti adikire. Ndipo ndani angapite kupolisi kukasumira msuweni wake ali pamaliro?

Nanga mitengo ija? Kumidzi ina yapeza ntchito yatsopano. Pali mtengo kapena chulu chimene mudzi wonse umadziwa kuti ndi pamene netiweki imagwira, ndipo foni imakolekedwa panthambi kudikira kuti a kutauni aimbe. Amene akuimba amaganiza kuti akulankhula ndi munthu mmodzi, chonsecho pansi pa mtengo pakhala anthu asanu akumva zonse. M'tauni zinthu zikupita kwina. Mtengo wa pakhomo wasanduka nkhani ya mkangano. Nthambi za mango zadutsa mpanda ndipo ana a aneba akugenda malata, mizu ikung'amba maziko, masamba akudzaza ngalande, nthambi zayandikira mawaya a magetsi, akuba akwererapo, usiku pakulira kadzidzi, ndipo ena sagona nazo. Mwini malo amaonanso kuti pamene paima mtengo pangaime kanyumba ka lendi, ndipo thunthu lake lingaotche njerwa zomangira. Chilichonse mwa zifukwazi chimamveka pachokha. Zikaphatikizana, mumapeza dera lonse lopanda mthunzi. Ndiye maliro akagwa pakhomo lotero, banja limalipira tenti ndi mipando yapulasitiki, n'kutseka msewu, pamene ena onse akutsamira mipanda ya njerwa yotentha. Masamba oyala pamsewu amachita kukathyola kutali.

Chodabwitsa n'choti mitengo yachilengedwe imene yapulumuka bwino m'chigawo chapakati ndi ya kumanda. Woyenda kuchokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, ku Dowa kapena ku Kasungu amaona minda yoyera mbee, kenako kankhalango kowirira kali pakokha. Kawirikawiri amenewo ndi manda. Palibe mlonda wa zankhalango amene amakhalapo. Chimateteza ndi mfumu, mwambo wa dambwe ndi mantha. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020 pa nkhani ya makala, silinathe kuchita m'mapiri ambiri zimene mwambo wachita kumanda. Izi zikusonyeza kuti dongosolo lija loti pali woyenera kufunsidwa munthu asanachite kanthu, lomwe tikuliona ngati lochedwetsa pa nkhani ya uthenga, ndi lomwenso lasunga mitengo imeneyi.

Pa intaneti mitengo timaikonda kwambiri. Jakaranda akachita maluwa ku Blantyre ndi ku Zomba cha mu Seputembala ndi Okutobala, zithunzi zimadzaza paliponse. Mu 2021, pamene mitengo ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta ku Lilongwe inkagwetsedwa kuti msewu ukulitsidwe, anthu anakwiya pa Facebook, ndipo mkwiyowo unali ndi maziko. Koma unatha msanga, nkhani ina itabwera. Nyengo yobzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, imabweretsa zithunzi za mabwana atagwira khasu latsopano. Za amene adzathirire mbandezo mu Okutobala ndi kuzitchinga ku mbuzi, sizijambulidwa. Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope otsika m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manje, ndipo kudulidwa kwa mitengo pamodzi ndi kumanga m'malo otsetsereka kunakulitsa tsokalo. Masiku amenewo WhatsApp inagwira ntchito imene mthenga wa miyendo sakanaitha: zithunzi za osowa zinkayenda, abale ankapezana m'misasa, a kunja ankatumiza thandizo. Munthawi yomweyo zithunzi za mitembo zinkayendanso, abale awo asanadziwe. Foni inachita zonse ziwiri ndi liwiro lofanana.

Mabanja ena ayamba kudzipangira malamulo, ndipo sakuchita kudikira boma kapena mpingo. Kuyambira 2018 WhatsApp imalola adimini kutseka gulupu kuti iye yekha azilemba, ndipo ena akumva za imfa amatseka kaye mpaka apafupi onse ataimbiridwa. Kwa okalamba ndi odwala matenda a mtima kapena kuthamanga kwa magazi, amatuma munthu wokafika pakhomo, nthawi zambiri wa kumpingo kapena mnansi wodalirika. Uthenga wa pagulupu umalembedwa ndi munthu mmodzi wosankhidwa, m'dzina la banja, ndipo umayamba ndi kunena kuti amfumu adziwitsidwa. Achinyamata amauzidwa mosabisa kuti sitetasi idikire. Ena amaika mwinimbumba pafoni ya mwana wa pafupi naye kuti mawu ake ajambulidwe n'kutumizidwa pagulupu asanagwirizane tsiku. Zonsezi zimachedwetsa uthenga ndi maola ochepa chabe, ndipo n'zotheka.

Chovuta chimatsala pa mawu oti apafupi. Kwa Achewa, Ayao ndi Alhomwe, malume ndi abale a kuchikazi ndiwo eni munthu, ndipo ayenera kuyamba kumva. Kwa Atumbuka, Asena ndi Angoni a ku Mzimba, kumene malowolo amaperekedwa, eni ake ndi a kuchimuna. M'tauni mitundu imeneyi yakwatirana, ndipo ana obadwira kumeneko amaona kuti apafupi ndi bambo, mayi ndi iwowo basi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 nalo limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Tsono Mchewa wa ku Dedza amene anakwatira ku Rumphi akamwalira ku Blantyre, mwana wake wamkulu atagwira foni pakhonde la chipatala amakhala ndi manambala atatu oyenera kuyamba, ndipo awiri otsalawo adzafunsa chifukwa chake anamva mochedwa.